Louis Martin Woyera: bambo amene ankakhala ndi ana ake madzulo

Nyengo ya Adventi ndi Khirisimasi imapeza ana ali pa holide, ndipo makolo ambiri amadzifunsa kuti achite nawo chiyani m'masabata amenewa kuti chikhulupiriro chawo chikule. Pakati pa Oyera a Mpingo pali bambo wina amene moyo wake ungathandize pa funso limeneli. Iyeyu ndi Louis Martin wa ku France, mmisiri wa mawotchi, mwamuna wa Zélie Woyera komanso bambo ake a Thérèse wa ku Lisieux, amene Akatolika ambiri amamudziwa ndi dzina loti Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Louis sanali wansembe ndipo sanayambitse chipani chilichonse. Mkazi wake atamwalira, iye anatsala ndi ana aakazi asanu m'nyumba ya lendi, ndipo zambiri zimene Mpingo umamukumbukira nazo zinachitikira m'nyumba imeneyo.

Mnyamata amene analephera Chilatini

Louis anabadwa pa 22 Ogasiti 1823 mumzinda wa Bordeaux. Bambo ake anali kaputeni wa asilikali, choncho banja linkasamukasamuka mpaka pamene linakhazikika m'tauni ya Alençon, m'chigawo cha Normandy. Atakula, Louis anaphunzira ntchito yopanga ndi kukonza mawotchi ku Rennes, ku Strasbourg ndi ku Paris.

Mtima wake unali pa moyo wa m'chipani. Mu 1845, ali ndi zaka 22, anakwera mapiri a Alps kukagogoda pa nyumba ya amonke ya Grand-Saint-Bernard, amene ntchito yawo inali kupemphera ndi kupulumutsa apaulendo osochera m'mapiri ozizirawo. Mkulu wa nyumbayo anamubweza chifukwa sankadziwa Chilatini, namuuza kuti ayambe wakaphunzira. Louis anayesetsa kwa nthawi yoposa chaka, koma thanzi linamuvuta ndipo anasiya. Mu 1850 anatsegula sitolo ya mawotchi ndi zodzikongoletsera ku Alençon. Anakhala wosakwatira kwa zaka 8, akugwira ntchito, kupita ku Misa, kuwerenga mabuku ndi kuwedza nsomba, zimene nthawi zambiri ankakapereka kwa asisitere osauka.

Sitolo yake inkakhala yotseka Lamulungu. Limeneli linali tsiku limene anthu a m'midzi ankabwera m'tauni kudzagula zinthu, ndipo anzake ankamulangiza kuti azitsegula ngakhale m'mawa wokha. Iye anakana, ndipo ana ake anakula akudziwa kuti bambo awo amalolera kuluza makasitomala chifukwa cha tsiku la Ambuye.

Ukwati ndi maliro anayi

M'chaka cha 1858 Louis anakumana ndi Zélie Guérin pa mlatho wa Saint-Léonard m'tauni momwemo. Zélie nayenso anali atafunapo kukhala sisitere koma anakanizidwa, ndipo anali ndi bizinesi yake yopanga lesi, nsalu yopyapyala yolukidwa ndi singano imene inatchukitsa Alençon. Patangotha miyezi itatu, awiriwa anadalitsa ukwati wawo m'tchalitchi cha Notre-Dame pakati pa usiku, kulowa pa 13 Julayi 1858.

Mulungu anawapatsa ana 9, aakazi 7 ndi aamuna awiri. Koma pakati pa 1867 ndi 1870 anayika maliro a ana anayi. Anyamata awiri onse anamwalira asanakwanitse chaka, Hélène anamwalira ali ndi zaka 5, ndipo khanda lina lalikazi linangokhala milungu yochepa. Otsala anali Marie, Pauline, Léonie ndi Céline. Chitsirizira, Thérèse, anabadwa pa 2 Januwale 1873, nthawi imene Marie ndi Pauline anali pakhomo pa holide kuchokera ku sukulu yogonera konko ya ku Le Mans. Anabatizidwa pa 4 Januwale, ndipo Marie, wa zaka 12, ndiye anali mayi wake wa ubatizo.

Makolowa sanabise imfa kwa ana otsalawo. Ankatchula mayina a abale awo omwalira m'mapemphero a pakhomo ndi kuwaphunzitsa kuti banja lawo lili ndi anthu ena kumwamba. Thérèse, amene sanawaonepo n'komwe, anadzawapempha thandizo atakula, pa nthawi imene ankavutika ndi nkhawa za mumtima.

Mu 1870 Louis anagulitsa sitolo yake kuti azithandiza bizinesi ya mkazi wake, yomwe inali itakula. Iye ndiye ankasunga mabuku a ndalama ndi kupita ku Paris kukafuna ogula. Tsiku la banjali linkayamba ndi Misa ya m'mamawa, nthawi ya hafu pasiti faifi, pamodzi ndi anthu apantchito. Ana ankaphunzitsidwa kupereka mtima wawo kwa Mulungu akangodzuka. Aang'ono anali ndi kachingwe ka mikanda m'thumba, ndipo ankasuntha mkanda umodzi nthawi iliyonse akadzimana kanthu kapena akasiya kubwezera mnzawo. Louis anali membala wa bungwe la Vincent de Paul Woyera. Tsiku lina atapeza munthu wodwala khunyu pa siteshoni ya sitima alibe ndalama yobwererera kwawo, anavula chipewa chake, naponyamo ndalama zake, n'kuyamba kuzungulira nacho kwa apaulendo ena mpaka ndalama ya tikiti inakwana.

Banjali linali ndi mavuto ake. Léonie anali mwana wodwaladwala, wovuta kuphunzitsa ndi wosamva, moti sukulu ya asisitere inamubweza. Makolo anavutika naye kwa zaka zambiri osadziwa kuti wantchito wa pakhomo ankamuopseza ndi kumuzunza mobisa. Nkhaniyi inaululika mu 1877, pamene Zélie anali kale ndi khansa ya m'mawere, ndipo mayiyu anathera miyezi yake yomaliza akuyesetsa kubweza mtima wa mwanayo. Ulendo wa ku Lourdes mu Juni chaka chimenecho sunamuchiritse. Zélie anamwalira pa 28 Ogasiti 1877 ali ndi zaka 45. Louis anali ndi zaka 54, Marie 17, ndipo Thérèse anali ndi zaka zinayi ndi theka.

Madzulo a nyengo yozizira ku Lisieux

Louis ankakonda Alençon, kumene kunali anzake, mayi ake okalamba ndi manda a mkazi wake. Komabe anaona kuti atsikanawo akufunika kukhala pafupi ndi munthu wamayi wa m'banja. Mu Novembala 1877 anasamukira ku Lisieux, kumene kunkakhala mlamu wake Isidore Guérin, mwini sitolo ya mankhwala, ndi mkazi wake. Anachita lendi nyumba yotchedwa Les Buissonnets, anasiya bizinesi, ndipo nthawi yake yambiri anaipereka kwa ana.

Ku France mwezi wa Disembala ndi wozizira kwambiri. Dzuwa limalowa msanga, usiku umatalika, ndipo anthu a nthawi imeneyo ankathera madzulo atazungulira moto wa m'nyumba. Madzulo amenewa ndi amene ana a Martin anadzawakumbukira moyo wawo wonse. Akatha kudya ankayamba ndi masewera a drafuti. Kenaka mmodzi mwa atsikana akuluakulu ankawerenga mokweza ndime za buku lotchedwa L'Année liturgique, lolembedwa ndi Dom Prosper Guéranger, mkulu wa amonke a ku Solesmes. Bukuli limalongosola nyengo ndi masiku a chaka cha Mpingo, ndipo gawo lake loyamba, la mu 1841, ndi la Adventi. Motero ana ankapita ku Misa atamva kale tanthauzo la tsikulo ndi mawu amene akawamve kutchalitchi.

Kuwerenga kukatha, Céline ndi Thérèse ankakwera pa miyendo ya bambo awo. Louis anali ndi mawu abwino. Ankawaimbira nyimbo, kuwanenera ndakatulo zimene anaziloweza ali mnyamata, ndi kutsanzira kayankhulidwe ka anthu osiyanasiyana mpaka ana kuseka. Luso lake la mawotchi linkamuthandiza kuwapangira tizidole. Mwana aliyense anamupatsa dzina lachikondi: Marie anali dayamondi, Pauline ngale, Léonie wa mtima wabwino, Céline wopanda mantha, ndipo Thérèse anali kamfumukazi. Pomaliza onse ankakwera m'chipinda chapamwamba kukapemphera pamodzi patsogolo pa chifaniziro cha Amayi Maria. Thérèse ankagwada pafupi ndi bambo ake, ndipo anadzalemba kuti kungowayang'ana kunali kokwanira kuti adziwe mmene oyera amapempherera.

Masana Louis ankatenga Thérèse kukayenda. Ulendo uliwonse ankalowa m'tchalitchi china cha m'taunimo kukachezera Yesu mu Ukaristia kwa mphindi zochepa, ndipo pobwerera ankamugulira kanthu kakang'ono. Pa ulendo wina wotere analowa m'tchalitchi chaching'ono cha asisitere a Karmeli, ndipo Louis anamufotokozera kuti kuseri kwa zitsulo zotchingazo kuli asisitere amene amapemphera nthawi zonse. Akakumana ndi wosauka panjira, bamboyu ankapereka ndalama m'manja mwa mwanayo kuti iye ndiye akapereke. Tsiku lina mkulu wina woyendera ndodo anakana ndalamayo, mwina chifukwa cha manyazi. Thérèse, amene anali ndi zaka pafupifupi 6, anamva chisoni, nalonjeza mumtima kuti adzamupempherera tsiku lolandira Ukaristia koyamba. Analisunga lonjezolo pa 8 Meyi 1884. Kunyumba nakonso, osauka ankabwera pachipata Lolemba lililonse, ndipo ana ndiwo ankatuluka ndi chakudya.

Lamulungu banja lonse linkapita ku Misa yaikulu m'tchalitchi cha Saint-Pierre. Ulaliki ukamachitika, Thérèse ankayang'ana kwambiri nkhope ya bambo ake kuposa ya wolalika, ndipo nthawi zina ankaona misozi ikulengeza m'maso mwawo. Madzulo ana ankasinthana kukadya kwa amalume awo, ndipo Louis ankapita kukawatenga kutada. Pobwerera usiku wina, Thérèse anaona nyenyezi zitandandalika ngati chilembo cha T, nauza bambo ake kuti dzina lake lalembedwa kumwamba. Anawapempha kuti amugwire dzanja amutsogolere, kuti iye aziyenda akuyang'ana kumwamba kokha, ndipo bamboyo anatero.

Khirisimasi ya 1886

Chikondi chonsechi chinali ndi vuto lake. Chimwalirireni mayi ake, Thérèse anasanduka mwana wamanyazi ndi wosachedwa kulira. Pauline, amene anamutenga ngati mayi wake wachiwiri, analowa ku Karmeli mu Okutobala 1882, ndipo chaka chotsatira mwanayo anadwala kwambiri mpaka anachira pa 13 Meyi 1883 akuyang'ana chifaniziro cha Amayi Maria. Marie nayenso analowa ku Karmeli mu Okutobala 1886. Onse otsala pakhomo ankamusasatitsa Thérèse, ndipo ali pafupi kukwanitsa zaka 14 ankalirabe ndi kanthu kalikonse, kenaka n'kuliranso chifukwa choti analira.

Ku France kunali mwambo woti ana aang'ono aziyika nsapato zawo pafupi ndi malo osonkhapo moto usiku wa Khirisimasi, ndipo makolo ankayikamo mphatso mobisa. Pa msinkhu wake Thérèse anali atapitirira kale zimenezi, koma Céline anafuna kuti mwambowo upitirire. Banja linabwerako ku Misa ya pakati pa usiku kunja kukuzizira. Louis anali ndi zaka 63 ndipo anali atatopa. Ataona nsapatozo ananyansidwa, nayankhula kuti mwayi wake chaka chimenechi n'chomaliza kuchita zoterezi. Sanadziwe kuti Thérèse, amene ankakwera masitepe kukavula chipewa, wamva.

Misozi inalengeza. Céline, podziwa khalidwe la mng'ono wake, anamulangiza kuti asatsike msanga. Koma Thérèse anameza misoziyo, anatsika, natenga nsapato zake, n'kuyamba kutulutsa mphatso imodzi ndi imodzi mokondwa pamaso pa bambo ake. Louis anayamba kuseka ndipo kutopa kuja kunaiwalika. Patapita zaka, Thérèse analemba kuti usiku umenewo ndi umene anatembenuka mtima kotheratu: Mwana Yesu, amene anadzichepetsa kukhala wofooka m'khola, anamupatsa mphamvu zimene iye anazisowa kwa zaka pafupifupi 10.

Nkhaniyi imasonyeza bambo woyera akuyankhula mawu okhumudwitsa chifukwa cha kutopa, patangopita mphindi zochepa atachoka pa Misa. Mawuwo sanamuswe mwanayo, chifukwa kumbuyo kwake kunali zaka zambiri za madzulo a nyimbo, maulendo a masana ndi mapemphero a pamodzi. Thérèse sankakayika kuti bambo ake amamukonda, ndipo chaulere cha Mulungu chinapeza pogwira.

Kupereka ana ndi kupereka thanzi

Pa Pentekoste, 29 Meyi 1887, Thérèse anapeza bambo ake ali m'munda wa maluwa wa pakhomo, nawapempha chilolezo choti alowe ku Karmeli ali ndi zaka 15. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo Louis anali atagwidwa koyamba ndi matenda oumitsa ziwalo. Analira, anamufunsa mafunso, ndipo atakhutira anavomera. Anathyola kaduwa koyera kamene kanamera pakhoma, namupatsa pomufotokozera mmene Mulungu anakasamalirira. Akuluakulu a Mpingo atakana chifukwa cha msinkhu, Louis anamuperekeza kwa Episkopi wa ku Bayeux, kenaka ku Roma, kumene pa 20 Novembala 1887 mtsikanayo anapempha yekha kwa Papa Leo XIII. Papa anamuyankha kuti adzalowa ngati Mulungu afuna. Khirisimasi ya chaka chimenecho inadutsa yankho lisanabwere. Chilolezo chinafika masiku ochepa pambuyo pake, ndipo pa 9 Epulo 1888 Louis anagwada pakhomo la Karmeli kudalitsa mwana wake womaliza.

Chaka chomwecho anapereka ndalama zokwana mafranki 10,000 zogulira guwa lansembe latsopano la tchalitchi cha Saint-Pierre. Koma matenda anali akukula ndipo anayamba kusokoneza maganizo ake. Mu Juni 1888 anasowa pakhomo ndipo anakapezeka patatha masiku anayi mumzinda wa Le Havre. Pa 10 Januwale 1889 anapezako bwino moti anakwanitsa kuperekeza Thérèse pa mwambo wolandira chovala cha chipani. Patangotha mwezi, pa 12 Febuluwale, anagonekedwa ku Bon Sauveur mumzinda wa Caen, chipatala cha anthu odwala maganizo.

Kwa banja lolemekezeka la nthawi imeneyo, matenda otere ankaonedwa ngati chinthu chochititsa manyazi. Anthu a m'tauni ankanong'onezana kuti ana ake ndiwo amudwalitsa pomuthawira ku usisitere, makamaka wamng'onoyo. Léonie ndi Céline anakakhala ku Caen kwa miyezi itatu kuti akhale pafupi ndi bambo awo. Maganizo akabwerera, Louis ankadziwa kumene ali, ndipo anakulandira ngati mankhwala a kunyada kwake. Ankapita ku Misa ya m'chipatalamo ndi kugawira odwala anzake zakudya zimene achibale ankamubweretsera. Pa Khirisimasi ya 1889 lendi ya Les Buissonnets inatha, ndipo katundu wa m'nyumba imene munkachitikira madzulo aja anagawidwa.

Anakhala m'chipatalamo zaka zitatu. Mu Meyi 1892, miyendo itafa, anabwezedwa ku Lisieux, kumene Céline, Léonie ndi banja la a Guérin ankamusamalira. Anamutengera ku Karmeli kamodzi komaliza kukaona ana ake atatu, ndipo potsanzikana analoza kumwamba. Anamwalira pa 29 Julayi 1894 ku La Musse, pafupi ndi Évreux, ali ndi zaka 70, Céline ali pambali pake.

Zipatso zake

Céline analowa ku Karmeli mu Seputembala 1894. Léonie, mwana wovuta uja, analowa ndi kutuluka m'zipani katatu, koma mu 1899 anakhazikika kwa asisitere a Visitation ku Caen, kumene anakhala mpaka imfa yake mu 1941. Thérèse anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 30 Seputembala 1897 ali ndi zaka 24. Papa Pius XI anamuika m'gulu la Oyera mu 1925, ndipo mu 1927 anamusankha kukhala nkhoswe ya mamishoni onse. Chiphunzitso chake, choti munthu apite kwa Mulungu ngati mwana wamng'ono wopita kwa bambo ake mopanda mantha, anayamba kuchiphunzira pa miyendo ya Louis.

Louis ndi Zélie anatchedwa Odala ku Lisieux pa 19 Okutobala 2008. Papa Francis anawaika m'gulu la Oyera pa 18 Okutobala 2015, mkati mwa Sinodi ya maepiskopi yokambirana za banja. Aka kanali koyamba kuti mwamuna ndi mkazi wake alengezedwe Oyera pamodzi ngati banja. Chikondwerero chawo chimachitika pa 12 Julayi.

Ana onse asanu a Louis anakhala asisitere, koma limeneli ndi dalitso la banja lawo, ndipo si muyeso wa banja lililonse lachikhristu. Zimene banja lina lingatengere ndi zing'onozing'ono zimene iye ankachita tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi zonse sizifuna ndalama. Kholo likhoza kuwerengera ana mawerengo a Misa ya mawa usiku wa Loweruka ndi kuwafotokozera mwachidule. Likhoza kudutsa ndi mwana mmodzi patchalitchi pochokera kumsika n'kugwada naye pamaso pa Ukaristia. Mphatso ya kwa wosauka kapena wodwala wa mu mphakati ikhoza kudzera m'manja mwa mwana. Pemphero lamadzulo likhoza kubwera pambuyo pa masewera ndi nyimbo, wailesi yakanema ndi mafoni zitazimitsidwa, bambo atagwada pamene ana akuwaona.

Moyo wa Louis ukhudzanso ena amene Khirisimasi imawapeza ali ndi katundu wolemera: bambo kapena mayi amene akulera ana yekha, makolo amene anayika maliro a mwana, amene ali ndi mwana wosamva, ndi mabanja amene akusamalira wodwala maganizo kwinaku anthu akuwanena. Iye anadutsa m'zonsezi, ndipo Mpingo unamupereka kwa mabanja kuti akhale mkhalapakati wawo.

Louis ndi Zélie Oyera, mupempherere mabanja a m'parishi muno.